UKONDE WA PA KAFUE SUDZIWA MADZI A KU NYANJA

M'makomboni a Lusaka si cacilendo kuona banja likumanga katundu kubwerera ku Malawi. Ku Kaunda Square, komboni imene iri kum'mawa kwa mzinda pafupi ndi mseu waukulu wa Great East Road, kuli mabanja amene makolo ao anabwera kudzafuna nchito m'masiku a Citaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, pamene Nyasaland ndi Northern Rhodesia anali pansi pa boma limodzi. Ngakhale dzina la komboniyo limatikumbutsa ulendo womwewo, pakuti a David Kaunda, atate a Dr Kenneth Kaunda, anacokera ku Nyasaland kudzaphunzitsa ku Chinsali. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Munthu akapuma nchito, mtima umayamba kulozera ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay.

Mipando ndi mabedi sizivuta, munthu amagulitsa ndipo akagula zina kutsogolo. Cimene cimaimitsa abambo ena ndi thumba la kuseri kwa citseko, muja muli maukonde, mbedza ndi zingwe. Mu Lusaka mulibe mtsinje waukulu, koma Kafue sali kutali, ndipo alipo amuna amene akhala zaka zambiri akupita ku madooko monga Chanyanya kukapha nsomba zakudya ndi zogulitsa. Popeza kumene akupita kuli nyanja, amaganiza kuti thumba lonse liyenera kukwera basi. Ife tikuti ai. Ciwiya cophera nsomba cimapangidwira madzi ake, ndipo zambiri za m'thumbamo ndi za pa Kafue basi.

Madzi awiri osiyana

Madambo a Kafue ndi madzi osazama, a udzu ndi mabango, amene amasefukira ndi kuphwa. Msodzi wa kumeneko amachera ukonde m'mphepete mwa udzu madzulo, m'mawa n'kukaonjola. Bwato lake amaliyendetsa ndi mtengo wokankhira pansi. Nyanja ya Malawi ndi ina. Malo ena ndi yozama pafupi-fupi mamita 700, ndipo m'miyezi yozizira mphepo ya mwera imautsa mafunde oti bwato la m'dambo silingathe kupirira. Ndi cifukwa cake mabwato a kumeneko amasemedwa ndi milomo yopindikira m'kati, kuti madzi asalowe msanga.

Nsomba nazo n'zosiyana. Usipa ndi utaka zimaphedwa pakati pa nyanja ndi ukonde waukulu wochedwa cilimila, umene umafuna mabwato angapo ndi gulu la anthu, ndipo usipa amauitana ndi nyale usiku. Ukonde wa m'thumba la ku Kaunda Square ulibe gawo pa nchito imeneyo. Ngakhale maina angathe kunyenga munthu. Amene anazolowera kuwedza mceni ku Luangwa kapena ku Zambezi, nsomba ija ya mano odula cingwe imene imafuna kawaya kutsogolo kwa mbedza, akamva kuti ku nyanja kuli ncheni asaganize kuti ndi yomweyo. Ncheni wa ku nyanja ndi nsomba ina, ndipo mceni wa ku Zambezi amathera kumunsi kwa mtsinje wa Shire, sakwera mathithi kufika ku nyanja. Mawaya aja angathe kutsala.

Lamulo la eni

Dziko lirilonse liri ndi lamulo lake la nsomba. Kuno anakhazikitsa lamulo mu 2011, ku Malawi anakhazikitsa lao mu 1997. Laisensi ya ku Zambia imathera pa Mwami, siwoloka kupita ku Mchinji. Kukula kwa maso a ukonde kumene kumaloledwa pa Kafue sindiko kumene kumaloledwa pa madooko onse a ku nyanja, pakuti kumeneko amateteza cambo, nsomba imene inacepa kwambiri cifukwa ca kupha ana ake. Maukonde a ulusi umodzi woonekera ngati madzi, amene adzaza m'misika masiku ano cifukwa ca kuchipa, akuluakulu a za nsomba ku Malawi amalanda ndi kutentha. Za masikito oteteza udzudzu sitifunikanso kunena: kuphera nsomba ndi mlandu kuno ndi uko komwe, ndiponso ndi kulanda ana cogonamo.

Kuonjezera pa lamulo la Boma, madooko a ku Malawi ali ndi makomiti a asodzi ndi mafumu amene ali ndi mphamvu. Pa cisumbu ca Mbenji m'boma la Salima, mfumu Makanjira imatseka usodzi m'nyengo ya mvula caka ndi caka, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo palibe msodzi amene amatsala pa cisumbupo kufikira mfumu itatsegulanso. Munthu wofika kumene, ngakhale ali mwana wa pamudzi pomwepo, ayambe wafunsa kwa komiti asanagule kapena kuponya ukonde. Safunsa anadya phula.

Cimene ukonde umanyamula osaoneka

Pali cifukwa cina cimene ife tikuona kuti cikuposa zonse, ndipo cikukhudza ngakhale inu a ku Chipata, Katete ndi Petauke amene muli ndi maiwe a nsomba kumudzi. Pali matenda a nsomba ochedwa EUS, oyambitsidwa ndi nkhungu ya m'madzi, amene amatulutsa zilonda zofiira pa thupi la nsomba mpaka mnofu kudyeka. Mu Africa anaoneka koyamba ku mitsinje ya Chobe ndi Zambezi mu 2006, ndipo pambuyo pake anafika m'madzi ena a m'Zambia. Ku Malawi anapezeka koyamba mu 2020 m'boma la Mchinji, limene liri pa malire ndi Chipata. Akatswiri amacenjeza kuti nkhunguyo ingathe kuyenda ndi nsomba zamoyo, ndi madzi, ndiponso ndi ziwiya zonyowa. Ukonde wovuulidwa Loweruka, n'kupindidwa m'thumba la pulasitiki usanaume, pofika Lolemba ungathe kukhala utaviikidwa kale m'mtsinje wa dziko lina.

Pa Kafue palinso zamoyo zimene si za kuno. Nkhanu za ku Australia zinafalikira mu mtsinjewo kuyambira m'zaka za m'ma 2000, ndipo msodzi aliyense wa kumeneko akudziwa m'mene zimadyera nsomba zokodwa ndi kucedwetsa nchito yoonjola. Munthu asayese kunyamula nkhanu, tiana ta nsomba kapena nyambo yamoyo m'cigubu kuti akaweta kwao. Akatero adzakhala atapereka kwa abale ake vuto limene zidzukulu zake zidzalipeza likalipo.

Tsono zotenga ndi ziti?

Zotenga ndi zazing'ono zimene zikwana m'cikwama. Mbedza zabwino zimagwira nchito pa madzi alionse, ndipo mlamba wa pa Kafue sasiyana khalidwe ndi mlamba wa ku Bua. Zazikuluzo zidzapha kampango. Mtovu womiza cingwe, mpeni, singano yosokera ukonde ndi ulusi watsopano umene sunalowe m'madzi, zonsezi zipite. Singanoyo makamaka, pakuti pa dooko lirilonse munthu wodziwa kusoka ukonde sagona ndi njala, ndipo mkulu wopuma nchito angathe kupeza ya sopo atakhala pansi pa mtengo, osalimbana ndi mwera. Amene ali ndi ndodo ya mbedza ya ku sitolo ndi cokulungira cingwe cake atenge, koma atsuke bwino ndi kuanika pa dzuwa masiku angapo, cingwe cakale acicotse.

Injini ya boti ndi cuma, ndipo mwini wake adzafuna kupita nayo. Asunge risiti yake ndipo akaionetse kwa a kasitomu pa Mwami, pamene kuyambira December 2022 maofesi a maiko awiriwa amagwirira nchito pa malo amodzi. Koma adziwe kuti injini yaing'ono yokwanira pa mtsinje ingathe kulephera pa mafunde.

Maukonde akale, miono ndi bwato zitsale pa madzi amene zinazolowera. Zipatsidwe kwa mphwanu kapena zigulitsidwe pa dooko, ndipo ndalamayo ikagule ciwiya coyenera kumene mukupita. Pogulitsa muyang'anenso kalendala. Pa Kafue usodzi umatsekedwa kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, ndipo m'miyezi imeneyo wogula ukonde amasowa, pakuti asodzi amakhala ali kumunda ndipo m'matumba mulibe kanthu. Banja limene likufuna kunyamuka pa Khrisimasi, ana atatsekera sukulu, ligulitse maukonde ake mu September kapena October.