Galaja yathu yasanduka fakitale ya ana

Mapoloti a ku Area 3 ndi aakulu. Amene ankayeza malo a nyumba za mabwana mu Lilongwe sanaumire nthaka, kaya kuno kufupi ndi Old Town, kaya ku Area 10, 12 ndi 43, mbali ya City Centre, komwe kunakula pamene likulu linasamuka ku Zomba mu 1975. Kapinga kutsogolo, dimba kuseri, mango ndi jakaranda m'mbali. Pambuyo pake kunabwera mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo. Mwana wa ku Kawale kapena ku Mchesi akangotuluka pakhomo amapeza anzake ali kale pa fulaye kapena pa phada. Wa kuno akatuluka amapeza geti lotseka ndi galu. Bwalo lonse ndi lake, koma wosewera naye palibe, wom'phunzitsa kuumba ng'ombe yadongo palibe, ndiye amangobwerera pabalaza kukayatsa TV.

Athu atatu anali otero: wachisamba wa zaka 8 panthawiyo, mlongo wake wa zaka 6, ndi mzime wathu wa zaka 3. Loweruka linkayamba ndi makatuni n'kutha ndi misozi, polimbirana rimoti kapena foni ya bambo awo. Zidole zinalipo dengu lathunthu, zina za m'masitolo, zina za pa kaunjika. Chidole chikafika chinkasangalatsa tsiku loyamba lokha. Pofika sabata yamawa tayala lathothoka, batire latha, chalowa m'dengu. Ndikamachokera kuntchito ku City Centre, moni woyamba pakhomo unali wakuti, "Amayi, taboweka."

Nanga galaja! Galimoto sinalowemo chisamukire chathu. Munali filiji yakufa, matayala akutha, makatoni, mulu wa manyuzipepala akale, waya wa khola la nkhuku limene tinaphwasula, ndi akangaude. Ana ankalambalala chitseko chake, ati muli chinjoka.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Aliyense wa mu Lilongwe akukumbukira zimene zinatsatira kwa miyezi yambirimbiri: magetsi kuzima m'mawa, kudzayaka anthu atagona. TV yathu inangoti zii. Tsiku lina bambo amene amatisamalira pabwalo, amene amabwera pa njinga kuchokera ku Chinsapo ndipo ana amawaitana kuti ankolo, anapeza wachisamba atakhala pakhonde, akugenda khoma ndi timiyala.

"Achimwene," anatero, "takatengani waya uja ali m'galajamo. Njoka mulibe, ndimasesamo ndine."

Zimene zinachitika pansi pa mtengo wa mango masana amenewo ndinaziona ndi maso angawa. Ankolo anayamba n'kuwongola wayayo pomukoka mozunguliza mtengo mpaka makwinya onse atatha. Anapinda thupi la galimoto ndi pulayazi, makona anayi pansi, makona anayi pamwamba, n'kumanga polumikizira ndi mphira zodula ku chubu chakutha cha njinga. Nsonga iliyonse yakuthwa ankaipindira m'kati kuti isabaye munthu. Matayala anali zitini za polishi ya nsapato zoboola pakati ndi msomali. Waya wolumikiza matayala anaupisa m'chibolopeni chakutha kuti uzizungulira momasuka. Koma luso lenileni lili kutsogolo. Matayala akutsogolo sawamangirira ku thupi. Amawakoleka pa kawaya kamodzi kapakati kuti azitha kutembenuka, ndipo kuchokera pamenepo pamakwera waya wokhuthala, wautali kufika m'chiuno mwa mwini galimoto, wothera ndi chiwongolero chozungulira. Ana atatu anawaunjirira ankolo ngati anapiye pa lichero la mphale. Wachisamba atafuna kulanda pulayazi kuti zithe msanga, iwo anangoseka. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene. Pindani pang'onopang'ono."

Dzuwa likupendeka, mwana anagwira chiwongolero, anakankha, zitini zinalira kwerekwere pa simenti. Atafika pa ngodya ya nyumba anapotoza dzanja.

"Yakhota! Amayi, yakhota!"

Anazungulira nyumba mpaka mdima, mlongo wake akuthamanga pambuyo akukuwa kuti mawa ndi yake, mzime akuwomba m'manja osadziwa n'komwe chimene akuwombera. Usiku umenewo galimoto inagona pafupi ndi pilo.

Loweruka lotsatira ana okha ndi amene anatidzutsa kuti tikatsegule galaja. Tinatulutsa zonse panja, ndipo zimene dzulo zinali zinyalala zinayamba kukanganiridwa. Makatoni akuti asatayidwe, ndi nyumba. Matayala akuti ndi mipando. Makoma tinawapaka njereza, chipinda chinawala. Chitseko chakale tinachigoneka pa njerwa, chinakhala tebulo lofika m'chiuno mwa mwana. Filiji tinaitsuka n'kuichotsa chitseko, chifukwa mwana akhoza kudzitsekera m'kati osatha kutuluka, ndipo mashelefu ake anakhala mosungira zipangizo. Mtsikana, amene anali atangoyamba kulemba, analemba yekha pa zitini: MABATANI, ZITSEKERERO, ULUSI. Chitini cha misomali ndi pulayazi zinakwera pamwamba pomwe mzime sangafikire, ndipo lamulo limenelo silinasinthe mpaka lero.

Zipangizo zina tinakazisaka ku Old Town, komwe n'kufupi kuchokera kwathu. Pa makhonde a masitolo a ku Bwalo la Njobvu ndi m'mbali mwa msewu wa Malangalanga pamakhala matelala, makina akulira tsiku lonse, pansi pali mbwee tizidutswa ta zitenje. Mtsikana wanga anapinda maondo, manja pamodzi, n'kufunsa telala wina wachikulire: "Agogo, tinsaluti mumataya?" Telalayo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ukasoka chiyani, mdzukulu wanga?" Atamva kuti ndi diresi ya chidole, anadzaza thumba mpaka kusefukira, ndipo ndalama imene ndinapereka anachita kuilandira mokakamizidwa. Mu msika waukulu tinagula mlaza, singano, ulusi ndi ufa wa kondoole. Kwa ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi, komwe alendo amagula njinga zawaya ndi njovu zosema, wachisamba sanapemphe kuti ndimugulire kanthu. Anagwada n'kuyamba kusuzumira kunsi kwa njinga yawaya kuti aone mmene anamangira mapedulo. Ndinasangalala kwabasi, chifukwa anali atayamba kuyang'ana zinthu ndi diso la mmisiri.

Atatha kukolola, mayi anga anabwera kuchokera ku Nkhoma. Uthenga wa zidzukulu unali utawafika kale, ndiye pamwamba pa thumba la mtedza ndi mbatata panali mtolo wa mapesi, zitsononkho ndi chibuma cha dongo chokulunga m'masamba a nthochi. Sindinawaonepo akusangalala ndi ulendo wa m'tauni mmene anasangalalira ulendo umenewo. Kale akabwera ankangokhala pa sofa, manja pamiyendo, zidzukulu zili pa TV, pakatha masiku ochepa n'kuyamba kunena za mbuzi zawo. Tsopano ankayala mkeka m'galaja m'mawa, kutuluka ndi nthawi ya nsima. Anawaonetsa kusenda khungwa la phesi kukhala timizere topyapyala, kulipinda mozungulira n'kulibaya mu mtima wofewa wa phesilo, magalasi a maso n'kutuluka. Chitsononkho chinavala chitenje ndi duku, chinaberekanso mwana kumsana. Dongo analikanda ndi madzi pang'ono mpaka litasiya kumata m'manja, n'kuumba ng'ombe ya linunda ndi nyanga zake. Wachisamba anathamangira nayo yake padzuwa kuti iume msanga.

"Bwerera nayo, bambo," anatero agogo. "Dongo la padzuwa limang'aluka. Ikagone pamthunzi masiku angapo."

Guluu wathu ndi wa agogo yemweyo. Ufa wa kondoole pang'ono amausungunula m'madzi ozizira, n'kuuika pamoto wochepa akutakasa mpaka utasanduka phala lonyezimira, lonanda. Kamchere pang'ono kamathandiza kuti lisachite nkhungu msanga. Ndi wotchipa, amamata mapepala molimba, ndipo mzime akanyambita chala palibe amene amathamangira kuchipatala. Ntchito ya mzime inapezeka pomwepo: kung'amba manyuzipepala. Mwana wa zaka 3 mukamuuza kuti lero kung'amba n'kololedwa, amakuyang'anani kaye ngati mukunena zoona, kenako amang'amba ndi mtima wake wonse. Timapepala take tinkatiika m'phala lija n'kumata pamsana pa mbale, ndipo tikauma tinkatulutsa mbale zapepala zoti azipaka utoto. Matileyi a mazira anakhala msana wa ng'ona. Zitsekerero za mabotolo zophwanyidwa ndi hamala, zotungidwa pa chingwe, zinakhala maseche a m'miyendo, ndipo kuyambira tsiku limenelo mzime sasowanso, timamumva kulikonse kumene ali.

Mpira wachikulunga ndiwo unandipatsa maganizo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osakwana mamaikuloni 60, mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma aliyense woyenda m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe amaona majumbo ali yangayanga m'mabango. Mpira umodzi sungayeretse mtsinje. Komabe majumbo onse olowa m'nyumba mwathu tsopano amatsukidwa, kuyanikidwa, n'kukulungidwa mwamphamvu limodzi pamwamba pa linzake, kunja n'kulukidwa ndi chingwe mopingasapingasa kuti asamasuke. Ankolo anati kwawo ena amawambako pamoto kuti ulimbe. Ife tinakana moto chifukwa utsi wa pulasitiki ndi woipa m'chifuwa, ndipo chingwe chokha chikugwira bwinobwino.

Kunena zoona, pakhomo pathu sipakuonekanso mwaudongo mmene pankaonekera. Simenti ya m'galaja ili ndi madontho a utoto wa mitundu yonse, zala zimadulidwa nthawi zina, pulasitala sachedwa kutha. Ine ndazilandira zimenezi ndi manja awiri. Mkangano ulipobe, koma tsopano ndi wakuti tayala la lole likhale la chitini kapena lodula ku patapata wakutha.

Chimene sitinachiganizire n'chakuti phokoso la zitini lidumpha mpanda. Tsiku lina pamwamba pa khoma panatulukira kamutu ka mwana wa aneba, atakwera pa mgolo wa madzi. Mawa lake mayi ake anagogoda pa geti. Tinakhala moyandikana nthawi yonseyi tikungokwezerana dzanja m'galimoto, koma tsiku limenelo tinamwa tiyi limodzi, ana ali m'galaja. Lero Loweruka m'mawa kumabwera ana a nyumba zingapo, kuphatikizapo a m'makwotala a antchito, amene ambiri mwa iwo ndiwo akatswiri. Mnyamata wina wa kumeneko anatipangira minibasi ya chitseko chotseguka chokoka, anzake onse pakamwa yasa. M'mwezi wa Okutobala, jakaranda atayala maluwa ake pamsewu, alonda anaima uku ndi uku kuyang'anira magalimoto enieni, ana n'kuchita mpikisano kuchokera pa geti lathu kukafika pa mphambano. Anapambana ndi mtsikana wanga, atavala magalasi a mapesi. Ankolo tinawawonjezera malipiro a Loweruka, popeza imeneyi ndi ntchito ya uphunzitsi, ndipo luso limene anabwera nalo pa njinga kuchokera ku Chinsapo silipezeka m'sitolo iliyonse ya mu mzinda muno.

Kapichira anakonzedwa mu 2023, magetsi anayamba kukhazikika, TV inayakanso. Amaonera ndithu, koma kaonedwe kasintha. Tinaonera limodzi filimu ya mu 2019 ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu. Filimu isanathe n'komwe wachisamba anali atayamba kujambula pa katoni, ndipo pa denga la galaja pano pali chipangizo chamapiko chopangidwa ndi zigubu zodula chimene chimazungulira mphepo ya mwera ikamawomba. Magetsi sichitulutsa, koma mwini wake akuti imeneyo ndi nkhani ya chaka chamawa. Ndinawapezeranso kabuku ka ana kotchedwa Galimoto, kamene Karen Lynn Williams analemba mu 1990, konena za mnyamata wa ku Malawi wosakasaka mawaya. Atamva kuti ana a ku America amawerenga za chidole chimene iwo amapanga okha, anayenda monyada tsiku lonse.

Tsopano mitu yawo ili pa nyimbo. Anaona Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe yomwe ino asanakaimbe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 ndi kupitirira mpaka ku Ulaya. Chimene chinawatenga mtima ndi babatoni wa a Maligwa, chimtengo chachitali cha chingwe chimodzi chokhala ndi ng'oma kumunsi, chopangidwa ndi manja. Mtengo taupeza kale, waya wochokera m'tayala lakutha ankolo asolola, chikopa cha mbuzi chafika kuchokera ku Chinsapo. Mtsikana walengeza kuti woimba ndi iye, mzime ndi wa maseche. Loweruka likubwerali tikukhoma chikopa. Aneba tawachenjeza kuti phokoso liyamba 8 koloko m'mawa, ndipo iwo ayankha kuti abwera ndi ng'oma yawo.