Njinga pa Misewu Yabata ya ku Chongwe

Munthu wocoka mu Lusaka kulinga kum'mawa pa msewu wa Great East afika pa tauni ya Chongwe atayenda makilomita ngati 45. Ambiri amene adutsapo pa basi kapena pa lole aona msika, masitolo ndi ulalo wa pa mtsinje, ndipo ayesa kuti aliona boma lonse. Komatu mbali yaikulu ya bomali iri kutali ndi phula, kumene misewu ing'onoing'ono ipatuka ndi kulowa m'minda, m'madambo ndi m'mapiri. Kumeneko motoka imveka mwa apo ndi apo, ndipo cimene cinyamula anthu ndi katundu kuyambira mbandakuca kufikira madzulo ndi njinga.

Masiku ano anthu a mumzinda ayamba kukonda kuchova njinga pa Ciweru ndi pa Sondo, pofuna kulimbitsa thupi ndi kupumako ku phokoso. Ambiri a iwo angotsata msewu waukulu, pamene alimbirana malo ndi malole olemera opita ku Chipata, ku Malawi ndi ku Mozambique. Awerengi athu otere adziwe kuti njira zabata ziripo pafupi, ndiponso kuti njirazo ziri ndi eni ake amene aziyenda tsiku ndi tsiku pofuna cakudya ca ana ao.

Wofuna kuyenda bwino ayenera kuyamba wadziwa m'mene dzikoli linakhalira. Mzinda wa Lusaka uli pamwamba, pa mamita ngati 1,280 kucokera pa nyanja yamcere. Kucoka pamenepo dziko litsika pang'onopang'ono kulinga kum'mawa ndi kum'mwera. Mtsinje wa Chongwe ulandira madzi a Ngwerere, Kanakantapa ndi Chalimbana, nudula pakati pa mapiri kufikira utathira mu Zambezi, m'cigwa cimene sicifika ngakhale mamita 500. Cotero wocoka ku Lusaka apeza mitsetse yambiri popita, koma zitunda zimuyembekeza pobwerera, dzuwa litakwera ndipo mawondo atalema kale. Nzeru ndi kusunga mphamvu ndi madzi a ulendo wobwerera.

Njira yoyamba, yoyenera iwo amene angoyamba kumene, iri kumpoto kwa msewu waukulu, kuseri kwa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, limene nalonso liri m'boma la Chongwe. Imeneyi ndi njira ya ku Kasisi. Dziko la kuno ndi lacidikha, zitunda zake nzazifupi, ndipo munthu apalasa pakati pa minda ya cimanga ndi ndiwo zamasamba. Mishoni ya Kasisi inayambidwa mu 1905 ndi Bambo Jules Torrend a cipani ca Ajezuiti, Lusaka asanakhale likulu la dziko. Mu 1974 Ajezuiti omwewo anatsegula sukulu ya zaulimi ya Kasisi Agricultural Training Centre, imene inadziwika ndi kuphunzitsa alimi ang'onoang'ono kulima ndi manyowa m'malo mwa feteleza. Kum'mawa kwake kuli Kanakantapa, kumene Boma linagawira anthu malo olima kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Njira yaciwiri iri kum'mwera kwa msewu waukulu, m'dera la Palabana ndi Chalimbana. Kuno dziko liyamba kupindika, msewu utsikira ku timitsinje ndi kukweranso, ndipo ng'ombe zamkaka zioneka m'makola ndi m'madambo. Pa Palabana pali sukulu yophunzitsa kuweta ng'ombe zamkaka. Pa Chalimbana pali malo amene aphunzitsi ambiri a dziko lino anasuliridwa kuyambira mu 1939, ndipo mu 2013 malowo anakhala yunivesite. Wokwera njinga angathe kupumira pamenepo, kenaka ndi kutulukira ku tauni ya Chongwe, imene siri patali.

Njira yacitatu ndiyo ya mapiri enieni, ndipo ifuna munthu wozolowera. Msewu wa Leopards Hill ucoka mu Lusaka kulinga kum'mwera cakum'mawa, nudzera ku Katoba, ndipo kutsogolo kwake mapiri ayamba kugwera ku cigwa ca Zambezi, cakumbali ya Chiawa. Kumene phula lathera, matayala akumana ndi miyala, mcenga ndi minga. Nkhalango ya mombo, mtondo ndi masuku iphimba zitunda, ndipo pa malo ena okwera maso afika kutali ndithu, mapiri atandandana mpaka kuzimirira m'nkhungu ya cigwa. Midzi italikirana, madzi ndi osowa, ndipo mitsetse yake ndi yaitali kotero kuti mabuleki ofooka angathe kutayitsa moyo. Kumunsi kuli akashembe ndi njovu. Tsidya la kum'mawa la mtsinje wa Chongwe ndi paki ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa mu 1983, ndipo kumeneko munthu salowako mwacisawawa popanda cilolezo ca oyang'anira nyama. Njira iyi si yoyenda munthu mmodzi.

Ena adzafunsa za mapiri a kum'mawa, a ku Chinyunyu kumene kuli akasupe a madzi otentha, ndi a ku Manenekera. Malo amenewa anali m'boma la Chongwe kufikira pamene Pulezidenti Michael Sata anapatula boma la Rufunsa. Kukongola kwake palibe angakane, ndipo alendo a ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003 kucokera ku Cairo kupita ku Cape Town, akhala akudutsa komweko pocokera ku Chipata ndi pa ulalo wa Luangwa. Koma kumeneko njira ndi msewu waukulu womwewo, wokhotakhota, ndipo lole yotsika phiri ndi katundu siima msanga. Alendo aja adutsapo cifukwa ali ndi ulendo wautali wofuna kutha. Ife a kuno tiri ndi mwayi wopatuka.

Tsono eni ake a misewu yabatayi ndani? Woyamba ndi mlimi wa mkaka. Mkaka sulinda munthu: ukakamidwa m'mamawa uyenera kufika ku thanki yoziziritsa dzuwa lisanatenthe, apo ayi usasa ndipo aukana. Alimi a kopaletivu ya ku Palabana anadziwika ndi kunyamula zigubu zao pa njinga za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief, loyambidwa mu 2005, linakonzera misewu ya kumidzi. Kaliyala ya njinga imeneyi isenza makilogalamu 100. Akuluakulu akumbukiranso njinga za Eagle zimene zinali kupangidwa ku Chipata ndi kampani ya Luangwa Industries m'zaka za m'ma 1980. Kwa mlimi wotere, mlatho wogumuka kapena msewu wokumbika ndi ndalama za tsiku lonse zotayika.

Waciwiri ndi mwana wa sukulu, makamaka mtsikana, amene njinga imfupikitsira mtunda kuti afike m'kalasi asanatope ndi kubwerera kunyumba kusanade. Wacitatu ndi mai wopereka wodwala ku cipatala, kapena wonyamula matimati ndi repu kupita nazo ku msika. Wacinai ndi wogulitsa malasha, amene acoka kukali mdima, matumba atasanjikizana kupitirira mutu wake, nakankha njinga pa citunda ciriconse kufikira atalowa mu Lusaka.

Za malasha tiyenera kunena mosabisa. Wopalasa m'mapiri a Chongwe aona zitsa ndi utsi wa mauvuni m'malo amene kale munali mthunzi. Mitengo ikatha, mvula ikokolola nthaka, misewu ing'ambika, ndipo mitsinje iphwa msanga. Anthu a pa tauni ya Chongwe adziwa bwino kusowa kwa madzi pamene mtsinje wao waphwa m'cilimwe. Koma mlandu suli pa wonyamula yekha. Malashawo apsa pa mbaula za mu Lusaka, ndipo m'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndi magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, nyumba zoculuka zinadalira mbaula. Wa mumzinda wodandaula kuti mapiri ayera ayambe wayang'ana m'khichini mwake.

Mlendo wa pa njinga akumbukirenso kuti ayenda m'dziko la Asoli, pansi pa ufumu wa Nkomeshya. Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II inalowa ufumu mu 1971. Mvula ikayandikira, Asoli acita mwambo wa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kukoka mitambo, pamene mfumu ipempherera mvula ndi kutsegulira anthu nyengo yobzala. Dziko lotere liri ndi malamulo ake. Pofika pa mudzi cepetsani liwiro, pakuti ana, mbuzi ndi nkhuku ziri pa njira. Patsani moni akulu musanafunse kanthu. Musajambule munthu, manda kapena nyumba musanapemphe. Mukafuna kugona, kaonekereni kwa anyakwawa. Mukafika pa mphambano funsani, popeza safunsa anadya phula, ndipo wodziwa kumene kuli mlatho wothyoka ndi uja adutsapo m'mawa uliwonse. Mukakumana ndi wosenza katundu pa mtsetse, mpatukireni ndinu, cifukwa njinga yolemera siimva mabuleki.

Nyengo yabwino ndi ya cisanu, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, pamene misewu yauma ndipo dzuwa liri lofatsa. Mu Okutobala kutentha nkoopsa, makamaka cakumunsi kwa mapiri, ndipo wanzeru anyamuka tambala atangolira kuti nthawi ya 10 koloko impeze pa mthunzi. M'dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, dziko libiriwira ndipo bowa apezeka m'mbali mwa njira, koma matope a m'madambo amata matayala ndi timitsinje tidzala mwadzidzidzi. Musawoloke madzi othamanga. Tengani pampu, cubu capadera, zigamba, sipanala, madzi okwanira ndi ndalama zing'onozing'ono zogulira nthoci kapena mbatata kwa amai a m'njira. Onani cheni ndi mabuleki musanacoke. Pa msewu yendani kumanzere monga mwa lamulo la dziko lino, mubvale zowala ndi cisoti, ndipo mdima usakupezeni pa phula popanda nyali.

Kwa a khonsolo ya Chongwe ndi oyang'anira misewu, pempho ndi lapafupi. Timilatho tikonzedwe mvula isanagwe, misewu ya kumidzi ipalidwe pa nthawi yake, ndipo pamene msewu waukulu ukonzedwa, m'mphepete mwake musiyidwe malo okwanira njinga. Zimenezi zidzakondweretsa wa mumzinda wobwera pa Ciweru, koma woyamba kupindula ndi mlimi wa ku Palabana, mwana wa sukulu wa ku Katoba ndi mai wa ku Kanakantapa. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Iwowa adzakhala ali pa msewu womwewo Lolemba m'mamawa.