Kagawidwe ka nthawi kwa ana athu a ku yunivesite

Khutuba ya Ijuma ino yakhudza ana athu amene achoka kuno ku Nkhotakota kukaphunzira ku UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, LUANAR ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu, MUST ku Thyolo ndi kwina. Ambiri a iwo akuphunzira ndi ngongole ya boma, imene kuyambira 2015 ili m'manja mwa bungwe loona za ngongole za ophunzira a sukulu zaukachenjede. Ngongoleyo idzabwezedwa ndithu, kaya mwana wabwera ndi digiri, kaya wachotsedwa panjira chifukwa cholephera mayeso.

Amene amachotsedwa si mbuli ayi, poti anakhoza MSCE bwino lomwe. Kusekondale belu ndi mphunzitsi ndi amene ankamugawira tsiku. Kuyunivesite palibe womudzutsa ngakhale womufunsa ngati wawerenga. Simesita ndi ya masabata owerengeka, ndipo malikisi a ntchito zapakati pa simesita amaphatikizidwa ndi a mayeso otsiriza. Wozengereza mwezi woyamba amakhala atayamba kale kulephera iye asakudziwa.

Tiyang'ane msodzi wa usipa pagombe lathu lino. Ukonde amasoka masana, nyali amakonzeratu dzuwa lisanalowe, chifukwa usipa umagwidwa usiku wamdima ndipo sudikira munthu. Mwera ukakula m'miyezi yozizira, iye sakhala chabe, amamata bwato. Sayamba ndi ntchito yomukomera, amayamba ndi imene nthawi yake ikatha sibwerera. Wophunzira naye alembe sabata yoyamba masiku onse operekera ntchito ndi a mayeso, awapachike pamene maso ake afika m'mawa uliwonse. Ntchito ya malikisi ambiri ndi ya tsiku loyandikira itsogole. Phunziro limene akuliopa ndi limene ayambe nalo, pakuti mtima umathamangira chophweka n'kumadzinamiza kuti wagwira ntchito.

Msilamu ali ndi mwayi umene ena amachita kuufunafuna: Swala zisanu zinamugawira kale tsiku. Ikatha Fajr hostelo imakhala ili zii, mutu uli wopepuka. Imeneyo ndiyo nthawi ya phunziro lovuta lija. Pakati pa Asr ndi Maghrib abwereze zimene wamva m'kalasi tsiku lomwelo zisanazizire. Ikatha Isha akonze za mawa, agone. Kuchezera usiku wonse mayeso ali mawa ndi kusoka ukonde uli kale panyanja. Za foni sitinena zambiri. Aliyense akudziwa maola amene WhatsApp imamudyera, aipatse nthawi yake yokha.

Ramadhan nayo aiwerengeretu. Chaka cha mwezi n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11, choncho kusala kumasuntha chaka ndi chaka ndipo kungathe kugwera pakati pa simesita kapena pa mayeso penipeni. Wanzeru amachepetseratu ntchito zolemba mwezi wa Shabani usanathe.

Makolo nafenso tili ndi mbali yathu. Tisamuitanitse mwana kuchokera ku Zomba pa chinkhoswe chilichonse kapena pokolola mpunga. Ulendo umenewo umadya masiku atatu, kupita, kukhala ndi kubwerera, ndipo mphunzitsi sabwereza phunziro chifukwa cha munthu mmodzi. Tisanamuimbire, timufunse kaye ngati sabata imeneyo ali ndi mayeso.