Kafungo ka mvula yoyamba kabisa mankhwala

Mukadziwa kafungo kaja kamene kamabuka mvula yoyamba ikagwa pa fumbi ya mu Chaisa? Imwe mumati ni mvula inunkhira. Iyayi, ni tuzilombo twa m'dothi tosaoneka na maso, dzina lake Streptomyces, ndipo mwina tunakupulumutsani kale.

Streptomycin, mankhwala oyamba kugonjetsa TB, anapezeka mu 1943 ku America kuchokera ku tuzilombo tomwetu. Doxycycline, amene madokotala amapatsa wodwala kolera kwambiri pamodzi na drip, nayenso muzu wake ni womwewo. Ngati munali na m'bale ku Heroes Stadium mu January 2024, mudziwa kuti izi si nkhani zoseka.

Manje vuto ni iyi: mankhwala akale ayamba kulephera. Mu 2019 chabe, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa na matenda amene ma antibiotic sanawagwire. Ndiye atsopano azachoka kuti?

Mu 2002 akatswiri ku England anawerenga DNA yonse ya mtundu umodzi, Streptomyces coelicolor. Anapeza magulu a ma gene opitirira 20 otha kupanga makemiko osiyanasiyana, koma amene anali kudziwika anali ochepa chabe. Ganizirani plot ya ba landlord ya ma room 20, mawaya alimo monse, koma mababu oyaka ni anayi. Ma gene enawo ali gone. M'mbale ya mu labu kachilombo kamadya bwino, kalibe mdani, ndiye kavutikirenji kupanga zida?

Nchito manje ni kuyatsa ma switch aja. Ena amaika kachilombo ka mtundu wina m'mbale imodzimodzi kuti ayambane, ndipo pa ndeu ija ma gene ogona amauka. Ena amadula gulu lonse la ma gene n'kuliika mu kachilombo kena kosavuta kuweta, kuti kazipanga mankhwalawo monga fakitale. Palinso tuzilombo tumene anatukonza kuti tuziwala tukamenyedwa na mankhwala, ndipo kuwalako kumaonetsa mbali imene tapweteka. Zomveka monga filimu, koma zichitika.

Koma musathamange kukumba kuseli kwa toileti. Kuchoka m'mbale ya mu labu kufika pa windo ya ku kiliniki, mankhwala amodzi amatenga zaka 10 kapena kupitirira, ndipo ambiri amagwa panjira.

Pamene iwo ayembekeza zaka zonsezo, imwe mawa mukamva chimfine muzapita pa kantemba: "Nipatseniko ma Amoxyl yabili." Chimfine ni virus, ma capsule aja sachikhudza olo pang'ono. Amene akumana nawo ni mabakiteriya a m'mimba mwanu. Ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana, ndipo amatha kupatsirana ma gene okana mankhwala monga mumatumizirana nyimbo pa foni. Tsiku mwana wanu azadwala chibayo, mwina ni omwewo azamulandira.