Ntchito ya ISRO sili kumwezi kokha

Anthu akamva za ISRO, bungwe la boma la India loona za mlengalenga, amakumbukira tsiku la 23 Ogasiti 2023, pamene chombo cha Chandrayaan-3 chinatera chakummwera kwa mwezi. Ine chimene chimandigwira mtima ndi ntchito yake ya pansi pano.

Bungweli linakhazikitsidwa mu 1969 motsogozedwa ndi Vikram Sarabhai, ndipo lili pansi pa nthambi ya boma yoyang'aniridwa ndi nduna yaikulu ya dzikolo. Boma limaika mfundo ndi kupereka ndalama. ISRO imapanga masetilaiti ndi maroketi, n'kuwaulutsa kuchokera ku Sriharikota.

Phindu lake limaonekera pakagwa namondwe. Mu 1999 namondwe anapha anthu pafupifupi 10,000 m'chigawo cha Odisha ku India. Wina wotchedwa Phailin atayandikira dera lomwelo mu 2013, zithunzi za masetilaiti zinathandiza akatswiri a zanyengo kudziwiratu komwe adzaombe, ndipo boma linasamutsa anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Omwalira sanafike 100. Zoona, setilaiti sinyamula munthu. Pamafunika magalimoto, malo othawirako ndi akuluakulu omvera chenjezo. Koma popanda zithunzi zija, akanadziwa bwanji midzi yoyenera kusamutsa?

Asodzi a m'mbali mwa nyanja nawonso amalandira uthenga wowalozera kumene kungapezeke nsomba zambiri, wochokera pa zimene masetilaiti aona.