Chikole cha nyumba chikakana kubwerera ku Entre Lagos

Sitima za malasha zochokera ku Moatize zikadutsa m'Malawi, kudzera ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, zimalowanso m'dziko la Mozambique pa Entre Lagos, ulendo wa ku doko la Nacala. Njanji yolumikiza Malawi ndi dokoli inatsegulidwa mu 1970, inaima pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, ndipo kampani ya Vale itaikonza inakhazikitsidwanso mu 2017. Njanjiyi pamodzi ndi chipata cha m'malire ndizo zimadzetsa alendo m'katauni aka ka m'boma la Mecanhelas, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Kuli ogwira ntchito pa siteshoni, apolisi, a kasitomu, aphunzitsi ndi anamwino otumizidwa ndi boma, komanso ogula matemba, mpunga ndi nandolo. Onsewa amafuna pogona, ndipo ambiri sakhalitsa.

Munthu wobwera akapeza nyumba, mwini wake nthawi zambiri amafuna lendi ya mwezi woyamba ndi ndalama ina yapadera ya chikole, imene m'Chipwitikizi amati caução. Pa tsiku lolowa palibe amene amakangana nayo. Mlendo watopa, katundu ali panja, mitambo yada. Amawerenga ndalama, amagwirana chanza, basi. Pepala palibe.

Mkangano umabwera pa tsiku lotuluka. Matiresi amangidwa kale ndi chingwe, mapoto ali m'thumba, wa njinga akudikira pakhomo. Mwini nyumba amalowa manja ali kumbuyo, n'kuyamba kuyenda chipinda ndi chipinda. Amapaka chala pakhoma la pakona pamene panali mbaula, n'kuonetsa mwaye. Amagwedeza chitseko chimene chiswe chinadya m'munsi. Amaponda pamene simenti inang'ambika. Wolipa lendi akafunsa mwaulemu kuti, "Nanga ija ya chikole, bambo?" yankho lake limadziwika kale: "Ija yalowa mu penti, aphunzitsi. Mwinanso ndinu muyenera kuwonjezera." Mphunzitsi amene kalata yomusamutsa ili m'thumba alibe nthawi yotsutsana. Amanyamuka akung'ung'udza, ndalama yatsala.

Kuchititsa lendi nyumba ya munthu payekha si chinthu chimene chakhala chikuyenda mosadukiza ku Mozambique. Pa 3 February 1976 boma la Samora Machel linalanda nyumba zonse zochititsa lendi, ndipo bungwe la boma la APIE ndilo linakhala mwini nyumba wa anthu a m'mizinda. Zinthu zinayamba kumasuka cha m'ma 1991, pamene boma linalola kugulitsa nyumbazo kwa okhalamo. M'matauni aang'ono ngati Entre Lagos, amene anadzazanso anthu nkhondo itatha mu 1992, lendi inakula ngati nkhani ya pakamwa, ya anthu odziwana.

Komatu lamulo lilipo. Buku la malamulo la Código Civil la mu 1966, limene Mozambique ikugwiritsabe ntchito, lili ndi ndime 1043 yonena za m'mene wobwereka nyumba ayenera kuibwezera. Ayenera kuibweza monga anaipezera, kupatula kutha kumene kumabwera chifukwa chokhalamo mosamala. Penti kufwifwa ndi dzuwa, pansi kusalala pamene anthu amaponda, mahinjesi kulira chifukwa chokalamba, zonsezi n'zimene lendi ya mwezi ndi mwezi inalipira kale. Ndime 1044 imawonjezera kuti wobwereka sayankha pa kuwonongeka kumene sikunachokere kwa iye kapena kwa anthu amene iye anawalola kukhalamo. Izi n'zofunika kwambiri kudera la madambo ngati lino, kumene dothi limafufuma nthawi ya dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, makoma n'kumatsatira. Mng'alu wochokera pa maziko si mlandu wa munthu amene amagona m'katimo. Denga losasuka ndi mphepo ya mkuntho nalonso si mlandu wake.

Koma ndime 1043 yomweyo ili ndi mbali ina imene imagwetsa olipa lendi ambiri. Ngati palibe chikalata chofotokoza m'mene nyumba inalili pa tsiku lolowa, lamulo limatenga kuti nyumbayo inaperekedwa ili bwinobwino. Choncho galasi la zenera limene munalipeza losweka limasanduka lanu, pokhapokha mutabweretsa umboni. Apa ndi pamene mlandu wa chikole umagonera, ndipo umakhala utagona kale miyezi yambiri anthu asanayambe kukwezerana mawu.

Chikalatacho sichifuna loya. Tsamba la m'kope likwanira, lolembedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chinyanja: tsiku, kuchuluka kwa chikole, ndi zolakwika zonse zimene maso aona, monga loko wosatseka, malata odontha, chimbudzi chopanda chitseko, mayunitsi otsala m'mita ya Credelec ngati nyumba ili ndi magetsi. Onse awiri asaine, mboni isainenso, makamaka mkulu wa dera, kaya ndi secretário do bairro kaya mfumu. Amene ali ndi foni ya kamera ajambule ngodya iliyonse katundu asanalowe. Ndalama ikadutsa pa M-Pesa kapena e-Mola, uthenga wake usafufutidwe, chifukwa ndiwo lisiti.

Pali chinanso chimene anthu a m'malire okha ndiwo amachidziwa bwino. Kuno kwacha ndi metical zimayenda limodzi pamsika. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti mu May 2022. Wamalonda wa ku Machinga amene anapereka chikole nthawi imeneyo isanafike, n'kudzachifuna pambuyo pake, anakumana ndi funso loti abwezeredwe mu ndalama iti, pa mtengo wa tsiku liti. Pepala lija litchulenso mtundu wa ndalama.

Nanga ngati mwini nyumba wadula kale? Choyamba, wolipa lendi ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti chilichonse chodulidwa chitchulidwe pachokha ndi mtengo wake. Mawu akuti "zokonzakonza" si mtengo. Loko ali ndi mtengo wake pamsika, chitini cha penti chili ndi wake, mmisiri ali ndi wake, ndipo onsewa amafunsika. Zikawerengedwa chimodzichimodzi, kawirikawiri zimapezeka kuti chinawonongekadi n'chaching'ono poyerekeza ndi ndalama yogwidwa. Chimene anaswadi ana a m'nyumbamo, wolipa lendi avomere msanga pamaso pa mboni. Kuvomera koteroko kumalimbitsa mawu ake pa zinazo.

Zikakanika pakhonde, nkhani imapita kwa mkulu wa dera, kenako ku bwalo la m'mudzi. Mabwalo amenewa, tribunais comunitários, anakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4/92 la mu 1992. Ntchito yawo yoyamba ndi kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono, ndipo amene sanakhutire ali ndi ufulu wopita kukhoti la boma, limene likulu lake m'boma la Mecanhelas lili ku Insaca. Kwa osauka kuli bungwe la IPAJ, lokhazikitsidwa mu 1994 kuti lizithandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya. Amalawi ena amaopa kudandaula poganiza kuti mlendo alibe pakamwa, ndipo eni nyumba ena amadalira mantha amenewo. Komabe pangano ndi pangano, kaya wolipa anachokera tsidya liti la malire.

Sindikunena kuti eni nyumba a ku Entre Lagos ndi anthu olemera kapena ouma mtima. Ambiri ndi amayi amasiye ndi alimi amene anaumba okha njerwa, n'kugula malata limodzilimodzi akagulitsa mpunga. Alipo olipa lendi amene amathawa usiku ali ndi ngongole ya miyezi itatu, ena kuzula ngakhale mawaya a magetsi. Chikole chinabwera chifukwa cha anthu otere, ndipo n'choyenera. Vuto ndi lakuti ndalamayo imadyedwa sabata yomwe yalandiridwa: feteleza, yunifomu ya mwana, maliro. Tsiku lobweza likafika, m'nyumba mulibe kanthu, ndipo m'malo monena kuti "ndilibe, mundidikire," munthu amayamba kusakasaka mwaye pakhoma. Manyazi a umphawi ndimawamvetsa, koma kusandutsa ngongole yako kukhala mlandu wa mnzako n'kumulakwira kawiri: wamulanda ndalama, wamuipitsiranso mbiri pamaso pa anansi.

Akuluakulu a madera, amene kale amalembera anthu makalata otsimikizira kumene amakhala, angathe kusunga kope limodzi la mapangano a lendi, mwini nyumba ndi mlendo n'kumasaina momwemo pa tsiku lolowa. Mwini nyumba amene chikole anachidya angathenso kugwirizana ndi mlendo wake, mwezi wotuluka usanakwane, kuti ndalamayo ilowe m'malo mwa lendi yomaliza, n'kutsala kuwerengerana za loko ndi galasi zokha.