Kuciza dzimbiri pa motoka yakale mvula isanagwe

Mmodzi wa ophunzira athu akale, amene tsopano akhala ku Marapodi ndipo amanyamula matimati ndi repu kupita nazo ku msika wa Soweto, anabwera kudzaticezera ndi vaneti yake ya Toyota Hilux. Injini inali kulira bwino ndipo matayala anali olimba, koma titacotsa mphasa ya labala kumbuyo kumene amaikako katundu, tinapeza citsulo citafiira, ndipo pakona ina cala cinalowa ndi kutulukira pansi. Iye anatiuza kuti zaka ziwiri zapitazo pamalopo panali kacipsera kakang'ono ngati njere ya cimanga. Kacipserako akadakakonza ndi kabotolo kamodzi ka penti. Tsopano panafunika wowocherera zitsulo, ndipo motoka inayenera kuima masiku angapo osapita ku msika. Ambiri a inu muli ndi mamotoka otere, kapena mukusunga ndalama kuti mugule, conco tiyeni tione mmene dzimbiri limayambira ndi mmene tingalicizire tokha pakhomo.

Penti ya motoka iri ndi zigawo zitatu. Pansi pali pulaima, imene imagwira citsulo ndi kuciteteza. Pamwamba pake pali penti ya mtundu. Ndipo pa mamotoka ambiri pamwamba penipeni pali clear coat, penti yoonekera ngati galasi imene imawalitsa. Zigawo zonsezi pamodzi n'zopyapyala ngati pepala limodzi la m'buku. Mwala wodumpha pa msewu wa dothi, khasu loponyedwa kumbuyo kapena bokosi la matimati lokokedwa zimang'amba cikopa cimeneci mosavuta. Citsulo cikakhala poyera, madzi ndi mpweya wa okosijeni zimacisandutsa dzimbiri. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa citsulo cimene ladya, motero limatukula penti ya m'mbali, ndipo limasunga cinyezi ngati siponji. Ndiye cifukwa cake mukaona thuza pa penti, dziwani kuti bala la pansi lakula kuposa limene maso akuona.

Motoka ya mlimi imadwala msanga kuposa ya munthu wa mu ofesi. Feteleza, kaya ndi Compound D, urea kapena ammonium nitrate, amakoka cinyezi ndi kusungunuka, ndipo madzi ace amafulumiza dzimbiri monga mmene mcere umacitira. Manyowa a nkhuku ndi madzi a matimati ophwanyika nawonso amadya citsulo. M'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka March kapena April, matope a m'misewu ya m'makomboni amakakamira pamwamba pa matayala ndi kukhala onyowa masiku ambiri. Asidi wa batire amadya malo amene batire ikhalapo, ndipo mafuta a mabuleki akatayikira pa penti amaisenda. Komanso mamotoka athu ambiri ndi ogwiritsidwa kale nchito ku Japan, obwera pa sitima mpaka Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde. Amene anayenda kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumene amathira mcere m'misewu kuti asungunule cipale cofewa, angafike kuno ali ndi dzimbiri kale kunsi ngakhale pamwamba akuwala.

Musanagule cinthu ciriconse, tsukani motoka yonse, iume, ndipo muiyendere masana. Yang'anani kutsogolo kwa boneti, m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, kunsi kwa zitseko, pamwamba pa matayala, pansi pa mphasa ndi pansi pa batire. Pamalo pofiira dinikizani ndi nsonga ya sikuludiraiva. Citsulo cikakana, nchitoyo mungaigwire nokha. Cikafewa kapena kuboola, bala lafika posafuna penti koma cigamba ca citsulo.

Kacipsera kakang'ono sikafuna zambiri. Pukutani malowo ndi sipiriti kuti mucotse mafuta ndi polishi, pakuti penti siigwira pa mafuta. Dulani kacidutswa ka sandipepa ya nambala 400, mukamate kumapeto kwa pensulo, ndipo mupale mkati mwa kacipseramo mpaka citsulo ciyere. Donthezani pulaima ndi nsonga ya kamtengo ka macesi. Ikauma, donthezani penti ya mtundu pang'ono, muidikire iume, ndi kubwereza mpaka dzenje lilingane ndi penti ya m'mbali. Kuti mupeze mtundu wofanana, tengani nambala ya penti yolembedwa pa kambale ka motoka, kamene kamapezeka pansi pa boneti kapena pa felemu ya citseko. Pa Toyota nambalayi imatsatira zilembo C/TR. Mwacitsanzo 040 ndi yoyera imene amaicha Super White. Komabe dzuwa la zaka zambiri limasintha mtundu, conco yesani penti pamalo obisika coyamba.

Bala lalikulu ngati cikhatho limafuna kuleza mtima. Palani ndi sandipepa ya 80 mpaka citsulo ciwale, ndipo mupitirire masentimita awiri kapena atatu kunja kwa pamene dzimbiri lathera. Kenaka salazani m'mphepete ndi ya 180, ndiyeno ya 320, kuti cala cisamve citunda pakati pa citsulo ndi penti yakale. M'timaenje mmene sandipepa siifika pakani mankhwala ochedwa rust converter, amene amasandutsa dzimbiri lotsala kukhala cikopa cakuda colimba. Tsatirani nthawi yolembedwa pa botolo. Mankhwalawa amagwira dzimbiri lopyapyala cabe, ndipo salowa m'malo mwa kupala.

Citsulo coyera cisagone usiku copanda pulaima, cifukwa mame okha amayambitsanso dzimbiri. Phimbani malo ozungulira ndi nyuzipepala ndi masking tape. Khutcumulani kacitini ka pulaima bwinobwino, gwirani pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, ndipo mupopere mopyapyala kawiri kapena katatu, kusiya mphindi 10 mpaka 15 pakati. Penti yothira yambiri nthawi imodzi imayenderera ngati misozi ndipo imacedwa kuuma. Pulaima ikauma, isalazeni ndi sandipepa ya 600 yonyowetsa m'madzi, pukutani, poperani penti ya mtundu mofananamo, ndi kumaliza ndi clear coat ngati motoka yanu iri nayo. Musapake polishi kwa mwezi umodzi. Kumbuyo kwa vaneti ndi kunsi, kumene maonekedwe alibe kanthu, red oxide yopaka ndi burashi, yokutidwa ndi penti ya mafuta pamwamba, imakwanira.

Ticenjezane za fila, phala lija limene amatsekera nalo zifwamphu. Nchito yace ndi kusalaza mopyapyala pa citsulo coyera. Fila imamwa madzi, conco ikaikidwa pa dzimbiri kapena kutsekera bowo, dzimbiri limapitiriza kudya pansi mpaka cigamba conse cigwe. Pogula motoka yakale yendani ndi kamaginito: pamene kakukana kumamatira pa bodi ya citsulo, pali fila yokhuthala imene yabisa cinacake.

Bowo limacizidwa mwa kudula citsulo coola ndi kuwocherera cina catsopano. Wowocherera acotse waya wa batire asanayambe, ndipo asamale ndi thanki ndi mapaipi a mafuta. Dzimbiri likafika pa chassis, pamene masipuling'i amangidwa, pa mapaipi a mabuleki kapena pamene lamba wa pampando wagwira, nkhaniyo yakhudza moyo wa anthu, ndipo motoka ipite kwa makanika wodziwa. Vaneti yonyamula matumba a cimanga pa chassis yoola ingathyoke pa msewu, ndipo ingalepherenso pamene a RTSA akuipima ngati iri yoyenera kuyenda.

Pogwira nchitoyi valani cophimba mphuno ndi pakamwa, ndi magalasi oteteza maso, cifukwa fumbi la penti yakale lingakhale ndi mtovu. Poperani panja pamthunzi, ana ali kutali, ndipo pafupi pasakhale mbaula kapena wosuta fodya, pakuti mpweya wa thina umayaka msanga. Penti ya 2K, yosakaniza ndi hardener, imaononga mapapo. Isiyireni aja amene ali ndi zida zopoperera. Zotsala za penti ndi thina musazithire m'ngalande kapena pafupi ndi citsime, makamaka m'makomboni mmene madzi a pansi ali pafupi.

Nthawi yabwino ndi ya cilimwe. M'mawa wa June ndi July umazizira, conco dikirani dzuwa likwere. Mphepo ya August ndi September imaulutsa fumbi, conco wazani madzi pansi musanapopere. Ndipo pa dzuwa la October citsulo cimatentha kwambiri moti penti imauma isanagone bwino. Mvula ikayamba, tsukani matope a kunsi sabata iriyonse, tsegulani timabowo totulutsa madzi kunsi kwa zitseko ndi kawaya, ndipo nyamulani mphasa kuti pansi paume. Njira yomweyi ya kupala, pulaima ndi penti imagwiranso nchito pa wilibala, pulawo, ngolo ndi cigayo.

Vaneti ya mnzathu uja inawochereredwa cigamba, tinaipaka red oxide kumbuyo konse, ndipo tinayalamo matabwa kuti mabokosi asakhudze citsulo. Tsopano akanyamula feteleza amayala tenti pansi, ndipo akatsitsa amasesa ndi kutsuka tsiku lomwelo. Amene muli pa maphunziro caka cino mudzagwira nchito yomweyi pa mawilibala a kumunda wa ndiwo, ndipo ophunzira akale amene muli ndi mamotoka, cotsani mphasa ya kumbuyo sabata ino muone cimene ciri pansi pace.